A Ovaova ndi wailesi yawo

Aliyense amene anakulira mumsewu wathu uja akuwakumbukira a Ovaova, bambo amene sankatseka pakamwa asananene kuti "ova", mawu amene olankhulana pa wailesi amanena akamaliza kulankhula. Vuto lalikulu linali lakuti nawonso sankayankha munthu amene sanamalize mawu ake ndi "ova". Mukawapatsa moni wamba, ankangokuyang'anani mwaulemu, kudikira kuti mutsirize.

Amene anaona zakuda ndi akazi awo.

"Bambo, madzi osamba ndaika."

Zii.

"Ndati madzi akuzizira!"

Zii.

"Ova, nanga!"

"Ndakumvani bwinobwino, mayi. Ndikubwera. Ova."

Ngakhale kuchipatala, adokotala atawauza kuti achepetse mchere, bambowo anangokhala duu. Adokotala anabwereza mokuwa, kenaka anatenga tochi n'kuyamba kuwaunika m'makutu.

A Ovaova anali atapuma ntchito yokonza mawailesi, koma kuseri kwa nyumba anali ndi kachipinda ka malata kodzaza ndi mawaya, mabatire ndi chiwailesi cholankhulirana chachikulu ngati bokosi la zovala. Loweruka lililonse ife makadeti a kusukulu tinkaguba kupita kumeneko, mayunifolomu otikulira, nsapato zikugogoda. Tinkapanikizanamo khumi ndi awiri, thukuta kamukamu, iwo akutiphunzitsa kutchula zilembo chimodzichimodzi, kunena pamene tili, ndi kumvetsera mnzako mpaka amalize.

Eriyo yawo inali waya wautali wochoka padenga kukafika pamtengo wa kumpanda. Wayayo anachita kuba pa chingwe choyanikira zovala cha akazi awo. Tsiku lina tili pakati pa phunziro, mawu a munthu wa kutsidya kwa nyanja anangozimirira. Titatuluka tinapeza mabulangete atatu onyowa ali lende pa eriyo.

"Mayi, mwayanika mabulangete pa dziko lonse lapansi! Ova!"

"Waya ndi wanga. Dziko lanulo lidikire aume. Ova."

Dziko linadikiradi mpaka masana.

Ine ndinali mtsikana wachibwibwi. Kusukulu ndinkabisala kumbuyo, koma a Ovaova anandiika pa maikolofoni tsiku loyamba lomwe. Ndinakakamira pa chilembo chimodzi mpaka anzanga anaphulika nako kuseka. Bambowo anawatulutsa onse kukazula udzu pansi pa eriyo, ati udzu umadya mawu. Titatsala awiri anati, "Mwanawe, ukadina batani ili, palibe angakudule mawu. Dziko lonse limakhala chete kudikira iwe. Usathamange. Ova."

Chaka chotsatira kunagwa mvula ya masiku asanu. Mtsinje unakokolola mlatho, magetsi anazima, mafoni onse anafa. M'mawa wa tsiku lachisanu atelala a pafupi nafe anathamangira kwa a Ovaova, nkhope ili gwaa. Akazi a atelalawo, amene anali oyembekezera, anali atayamba matenda dzulo lake, mwana osatuluka, ndipo mayiyo mphamvu zinali kutha. Tsoka ilo, a Ovaova anali ndi chimfine chimene chinawatsekeratu mawu. Makadeti anzanga onse ankakhala kutsidya kwa mtsinje. Anandiitanitsa ine.

Ndinawapeza atalumikiza kale chiwailesi ku batire ya galimoto. Analemba papepala kuti, "Lankhula ndiwe. Ova." Inde, ngakhale papepala.

Ndinaitana kasanu popanda woyankha. Kachisanu ndi chimodzi kunamveka mawu a mayi wina wa m'tauni ya kumtunda, amenenso anali ndi wailesi yotere. Lilime langa linakakamira pa mawu akuti "bwato". Atelala ankapondaponda pakhomo, a Ovaova anangondigwira paphewa. Mayi wa pawailesi uja anadikira, sanandidule. Ndinanena zonse: amene akudwala, nyumba yake, ndi poti bwato lingakocheze. Iye anathamangira kuchipatala, ndipo dzuwa lisanafike pamutu bwato la injini linatulukira ndi anamwino awiri. Mayi ndi mwana anapulumuka.

Mawu atabwerera, a Ovaova anauza msewu wonse kuti chimfine chija anachita kuchiitanitsa dala kuti ine ndiphunzire. Akazi awo anati, "Bodza! Munagona ndi masokosi onyowa."

Lero ndimagwira ntchito yotumiza maambulansi, ndipo chibwibwi chimabwera pokhapokha ndikakwiya.

A Ovaova anatisiya mwezi wa dzuwa, atakhala pampando wawo pakhonde, chipewa chili kumaso. Patapita milungu itatu, mayi aja, akazi awo, anandiitana kuti ndiyese chiwailesi chija asanachipereke kusukulu. Linali Lachitatu masana. Nditangoyatsa, tinamva mawu a nkhalamba ina, akutali kwambiri, ikuitana nambala ya a Ovaova mobwerezabwereza, mosatopa.

"Ndi mnzawo uja," anatero mayi. "Zaka makumi awiri, Lachitatu lililonse. Sanaonanepo. Nkhani yawo inali ya mvula basi."

Ndinawapatsa maikolofoni. Anapukuta manja pachitenje, n'kuigwira ngati dzira. M'moyo wawo wonse anali asanaikhudzepo.

"Bambo, ndine mkazi wa mnzanu. Mnzanu uja anatisiya."

Nkhalambayo inafunsa mwapang'onopang'ono, "Pepani, mayi. Nanga kumeneko yagwa?"

Mayi anasuzumira pazenera. "Sinagwe, bambo. Koma kumadzulo kwachita mitambo."

Chiwailesicho sichinapitenso kusukulu, makadeti ndiwo amabwera kudzachigwiritsa ntchito. Msewu wathu masiku ano uli ngati wina uliwonse, anthu amangodutsana maso ali pafoni. Koma Lachitatu masana mukadutsa kuseri kwa nyumba ija, mudzamva mayi wokalamba ali m'kachipinda ka malata, akufotokozera munthu amene sanamuonepo mmene kumwamba kwachitira.