Mchere pa Nsalu ya Zainabu

Malemu amuna anga ankati mtima wanga wokayikira aliyensewu udzandichititsa manyazi tsiku lina. Iwonso sindinkawakhulupirira, ndiye sindinamve.

Mdzukulu wanga Zainabu atabwera kuno ku Nkope kuchokera kusukulu ya zojambula, ndinkayembekeza kuti andijambula nditatchena. Ayi ndithu. Anayala nsalu yoyera pakhonde, n'kutsinzina, n'kumawaza penti ngati akuthirira mpiru. Nditafunsa, anati akujambula phokoso. Akuti injini ya boti amaimva yachikasu, adhana ya kumzikiti ndi yobiriwira, ndipo mawu anga ine ndi ofiira (mwano umenewu ndinausunga). Pamene dontho ligwere akuti n'zamwayi, iye salamula.

Munthu kumva mitundu ndi makutu? Ndinadziwa kuti mwanayu anamudyetsa zinthu kutauni, ndipo mankhwalawo ali m'nsalumo. Sindinauze munthu, poti a kuno sasunga nkhani.

Mwanayo atapita kudoko kukagula ndiwo, ndinawaza mchere pansalu ponse kuti mankhwalawo asukuluke, uku ndikunong'ona dua, pemphero lathu la Chisilamu. Mcherewo unamwa penti n'kusiya timadontho toyera. Zainabu atabwera anavina. Mawa lake ndinamwazapo madeya kuti nkhuku zipondeponde. Anati mapazi a nkhukuwo akumveka ngati ng'oma. Ndinapsa mtima, n'kuyanikapo usipa wauwisi, wanga wabwinobwino. Ananunkhiza nsaluyo, misozi ili lengelenge, nati tsopano nyanja yalowamo.

Chimene sindinadziwe n'chakuti Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, ankasuzumira pampanda masiku onsewo. (Ntchito yosuzumira m'dera lino ndi yanga, sindikudziwa anawapatsa ndani.)

Nsaluyo Zainabu anakaipachika pa loji ina ku Nkhudzi, ine n'kunditengera komweko. Pamaso pa alendo ndi anthu akwathu amene anabwera pa matola, Zainabu anandikoka dzanja.

"Ntchitoyi sindinagwire ndekha. Anganga awa ndi amene ankabwera mobisa kudzaikamo mphamvu."

"Tinkawaona," anatero Abiti Saidi kumbuyo. "Milomo ikuyenda, mchere uli m'manja."

Alendo anawomba m'manja. Akwathu sanawombe.

Lero dzina langa, limene ndalisunga loyera zaka zonsezi, likutafunidwa kudoko. Asodzi akandiona amaphimba maukonde. Amayi amene ankabwera kudzapala moto anasiya. Msodzi wina anafika mozemba kuti ndikamuwazire mchere pabwato lake, ndinamuthamangitsa ndi tsache. Zainabu akuti ndisadandaule, ndili ndi luso. Wayamba nsalu ina, ndipo amaisiya dala pakhonde n'kuchokapo. Sindiikhudza. Ndimangoiyang'anitsitsa, chifukwa mpaka pano palibe wandiuza chomveka za makutu a mwanayu.

Ndiye mukamadutsa ku Nkope, patukani mudzandione, pakhomo pano pangoti zii. Koma odi muyambire kumsewu, manja ali poonekera.