Thobwa la Chinkhoswe ndi Matayala a Bambo Mwale

Nkhaniyi anandiuza ndi Bambo Mwale, mkulu wa mpingo wathu ku Barking, tsiku limene ndinalephera mayeso oyendetsa galimoto kachitatu. Tinali titangomaliza mapemphero a Lachitatu kunyumba kwawo, ine ndili pakona kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Iwo anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Ndalemba monga momwe anayankhulira. Ngati pena ndaphonya, Ambuye andikhululukire, poti ndinayamba kumvetsera ndikulira, n'kumaliza nditagwira nthiti. Anayamba motere:

Mwana wanga, leka kulira. Iwe walephera pamaso pa mzungu mmodzi. Ine ndinalephera pamaso pa Amalawi a mu London muno, nditavala suti. Tamvera manyazi enieni.

Zinali zaka zija abale athu othawa ndale asanayambe kubwerera kumudzi. Mwana wamkazi wa a Phiri ankachita chinkhoswe ku Woolwich, ndipo ine anandisankha kukhala nkhoswe ya kuchikazi. Azakhali a mtsikanayo anachokera ku Dedza ndi chimera cha mawere m'sutikesi, atachikulunga m'zitenje. Zovala zawo zina anazisiya kumudzi kuti chimeracho chikwane.

Mbiri inawanda. Ku chinkhoswe kukakhala thobwa! Anthu anaimbirana mafoni mpaka ku Wembley. Ena anali asanalilawe zaka makumi awiri.

Thobwalo anaphikira kwathu kuno, poti amayi akowa, a Nabanda, ndiwo anali ndi mapoto aakulu. Linadzaza ndowa ziwiri zapulasitiki zokhala ndi zivindikiro. Ntchito yanga inali imodzi yokha: kulichotsa ku Barking, kuwoloka mtsinje pa ferry, chombo chowolotsa magalimoto, kukalitula ku holo. Basi.

Galimoto ndinali nditangoigula kumene, yakale, yoyamba m'moyo wanga. Koma pa nkhani ya matayala ndinkadziona katswiri. Zaka khumi ndi ziwiri ndili mphunzitsi ku Ntchisi ndinkayenda pa njinga, ndipo lamulo la njinga ndi limodzi: tayala likatambalala pansi, popa.

Titamangirira ndowa zija ndi malamba pa mpando wakumbuyo, ndinazungulira galimoto kuti ndiiyendere. Mtima unalumpha. Matayala onse anayi anali ndi kamimba pansi!

"A Nabanda, matayala aphwa!"

"Sanaphwe, bambo. Taonani galimoto ya aneba, nayonso ili choncho."

"Aneba ndi osasamala."

Tinapita ku garage. Paja kumudzi umangokhala m'galimoto, ena n'kukupopera. Kuno umagwada wekha. Ndinagwada ndi suti yanga, n'kulumikiza paipi ya mpweya. Pa chogwirira pali kawindo koonetsa manambala a presha. A Nabanda anatsegula buku la galimoto n'kutulutsa mutu pawindo.

"Buku likuti twenty-eight."

"Bukulo analembera mzungu wonyamula kagalu kamodzi. Ife tanyamula thobwa la mtundu wonse!"

Ndinapopa. Twenty-eight, kamimba kalipo. Thirty-five, kalipo. Forty-five, kachepako pang'ono. Mzungu wina amene ankadikira paipiyo kumbuyo kwanga anasuzumira pa kawindo kaja.

"You sure about that, mate?"

"Very sure," ndinatero. "I have experience."

Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Ine ndinkati ndi ulemu.

Tinanyamuka. Misewu ya kuno ukuidziwa, mahampu ali paliponse. Pa hampu yoyamba galimoto inadumpha ngati ngolo yodutsa m'mizere ya mbatata. Mano anagundana. Pa yachiwiri duku la a Nabanda linatsikira pamphuno. Kumbuyo thobwa likungoti khuvu, khuvu. Ndiye kumbuka kuti linagona m'nyumba yotenthetsedwa ndi heating, linali litayamba kusasa pang'ono. Zivindikiro zinayamba kutukuka.

"Bambo, mwapopetsa."

Apa m'pamene Satana anandipatsa nzeru. Pa njinga, ukamamva mwala uliwonse m'matako, ndiye kuti limu ikugunda pansi. Mpweya wachepa.

"A Nabanda, mukukumva kugundaku? Ndi limu imeneyi. Mpweya ukadali wochepa."

"Bambo, chonde, tiyeni tizingopita pang'onopang'ono."

"Kuti tiwononge malimu? Tiphwanye galimoto ndi thobwa lomwe?"

Ndinakhotera pa garage yachiwiri.

Pamenepa Bambo Mwale anaima kaye, n'kugwira kolala ya malaya awo. Mayi Mwale, amene ankatsuka makapu kukhitchini, anangoti, "Muuzeni zonse mwanayo, musadumphe." Iwo anausa moyo n'kupitiriza:

Ndinapopa mpaka manambala a pa kawindo anatha. Kamimba kanatheratu. Matayala anaima njo, ndikawagogoda ndi kiyi akulira ngati ng'oma yowambidwa pamoto. Ndinanyadira. Ndinalowa m'galimoto n'kupeza a Nabanda atatsinzina, akuimba chapansipansi nyimbo imene timaimba potsitsa bokosi kumanda.

Pofika pa ferry n'kuti kukuwaza kamvula. Pokwerera pake m'pachitsulo, ndipo panali patanyowa. Tinaima pamzere. Galimoto za anzathu zinkakwera mwaulemu, mosamveka n'komwe. Inafika nthawi yathu.

Gu!

Galimoto inanyamuka m'mwamba.

Phuu!

Chivindikiro choyamba chinakamenya denga. Thobwa linathovokera kudenga, pamawindo, pagalasi loonera kumbuyo. Ndinaponda mabuleki. Koma tayala louma gwa limagwira pansi ndi kamzere kapakati kokha, ndiye galimoto inangotsetsereka ngati yaponda therere. A Nabanda anakuwa, "Yesu!" Inakaima mwadzidzidzi, itatsala chala chimodzi kugunda van ya kutsogolo.

Ndowa yachiwiri sinaime. Inapulumuka m'lamba, n'kudzera pakati pa mipando, n'kundikhuthulira zonse m'khosi.

Mwana wanga, linali lofundirako. Linadzera m'kolala, kutsika ndi msana, mpaka m'masokosi. Pepala la mawu anga a unkhoswe, limene ndinalemba sabata yathunthu, linasanduka phala m'thumba la jekete.

Bambo wina wogwira ntchito pa ferry anagogoda pawindo.

"Blimey. Is that porridge?"

Kenako anayang'ana matayala, n'kutulutsa m'thumba kachipangizo koyezera presha, kooneka ngati bolopeni. Atakakanikiza pa valavu, kamtengo kake kanatumphuka mpaka kumapeto. Anayeza lachiwiri. Chimodzimodzi. Anaitana mnzake kuti adzaone. Kenako anatsegula chitseko changa n'kundilozera kapepala komatidwa pamphuthu, kamene ndinkakadutsa tsiku lililonse.

"Twenty-eight, sir. They're meant to bulge."

Akuti kamimba kaja m'pamene tayala limagwirira msewu. Anapangidwa choncho!

Anayamba kuchotsa mpweya. Tayala lililonse linalira fwiii nthawi yaitali, anthu a m'galimoto zina atatsitsa mawindo. A Nabanda anangovula duku, kulifinya panja, n'kulivalanso. Bola akanandilalatira.

Tili pakati pa mtsinje ndinapemphera ndi mtima wonse. Ndinati, "Ambuye, ngati tsiku lachiweruzo lili pafupi, libwere tisanafike tsidya ilo." Ferry inafika bwinobwino, pa nthawi yake.

"Tibwerere," ndinatero.

"Nkhoswe sibwerera," anatero a Nabanda. "Nyamulani ndowa."

Ku holo kunali kutadzaza. Pa tebulo lalitali anali atandanda kale makapu, mizere mizere. Amayi ataona ndowa zikulowa pakhomo anayamba nthungululu. Kenako anaona wonyamula ndowayo. Nthungululu zinazima imodzi imodzi. Kunangotsala kulira kwa nsapato zanga: tchwa, tchwa, tchwa.

Atakokota ndowa zonse ziwiri, thobwa linakwana tipoti imodzi. Imodzi! Azakhali a ku Dedza aja anasuzumira m'ndowa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Mwale, ndiye kuti chimera changa chinakwera ndege kudzatsuka galimoto yanu?"

A Phiri anaphimba nkhope ndi pulogalamu. Mtsikana wa chinkhoswe anayamba kusisima. Akuchimuna anali kunong'onezana, mwina kufunsana ngati nkhoswe ya kuchikazi imamwa. Ine ndinaima pakati pa holo, ndikudontha, ndikudikira kuti pansi pang'ambike.

Kenako kumbuyo kunadzuka a Gondwe, nkhalamba ya imvi mbuu, imene inathawa kumudzi ikadali mnyamata ndipo inali isanapondekonso. Anachokera ku Wembley ndi ndodo yawo, kusintha masitima, chifukwa cha kapu imodzi ya thobwa. Anayenda pang'onopang'ono kulunjika ine. Holo yonse zii. Ndinati ndodo ija ndi yanga, ndipo ndinaweramitsa mutu kuti aumenye bwino.

Koma anaitaya pansi n'kundikumbatira. Anaika nkhope paphewa panga. Mapewa awo anayamba kunjenjemera. Akulira!

Ndinati, taonani Chikhristu. Nanenso misozi inatuluka.

"Bambo, ndalakwa. Zikomo pondikhululukira."

"Khalani chete, a Mwale, musasunthe," anatero, mphuno ili mu jekete. "Sindinakukhululukireni. Ndikununkhiza kwathu."

Nditakweza maso, kumbuyo kwawo kunali kutapangika kale mzere.

Ndiye mwana wanga, ukadzaona tayala lili ndi kamimba, ulisiye. Nalonso ndi bwana.