Mpope wa mfuti ya apongozi

Pa Kamwendo palibe anandipusitsapo pa malonda. Ngakhale a ku Chipata akandiona amayamba atsitsa mtengo ndisanatsegule pakamwa. Ndinkanena choncho ndithu, mpaka chaka chatha.

Ine ndine mkamwini kwa Mlonyeni, ndipo ndinatopa nacho chikamwini. Ndinkafuna chitengwa, mkazi wanga tizikakhala kwathu. Apongozi aamuna, mkulu wa mpingo, ankangoti tiona.

Iwowa ali ndi mfuti yakalekale yomwe anawasiyira bwana wa ku esiteti, yosintha mipope: waufupi wa nguluwe, wautali wa nkhanga. Waufupiwo unachita dzimbiri, sunkagwiranso. Wautali unasowa kalekale, ati akuba. Ndinaona kuti ndikawakonzera mfutiyi, chitengwa andipatsa.

"Bambo, zisiyeni m'manja mwanga," ndinatero (chikhalirecho sindinaombepo ngakhale njiwa).

Waufupi ndinaupaka mafuta ophikira. Kutacha unali wakuda bii ndi nyerere. Ndiye ndinayamba kusaka wautali, ndipo ndinaupeza kwa Nabanda, mayi wotcheza kachasu kuseri kwa dambo. Mpope womwe kachasu amadonthera mu botolo unali wa mfuti weniweni.

"Mbuzi ziwiri," anatero Nabanda.

"Mayi, chitsulo chowola ichi?"

"Chowola chikukudonthetsani dovu bwanji, achimwene?"

Tinakanganirana mpaka ndinamugwetsera pa mbuzi imodzi. Ndinachoka ndikuyenda ngati nduna.

Ndinaukwecha ndi phulusa, n'kukaupereka Lamulungu, akuluakulu a mpingo ali pakhonde. Apongozi aamuna anaulowetsa ku mfuti, unangoti khwa, ngati unabadwira pomwepo. Kenaka anaununkhiza. Anapatsira abusa, nawonso ananunkhiza (motalikirapo, ndinaona ine).

"Uwutu ndi mpope wanga womwe uja," anatero apongozi. "Unapita bwanji kwa Nabanda?"

Kukhitchini kunagwa mbale. Kani apongozi aakazi ndi amene anaubwereketsa, ndipo phindu la kachasu ankagawana ndi Nabanda. Ndi lomwe linkagula shuga amene mkulu wa mpingoyo ankathira mu tiyi.

Za chitengwa apongozi anandiyankha tsiku lomwelo: "Mkamwini wodziwa kusaka chonchi sitingamutaye. Mukhala konkuno." Apongozi aakazi ndiwo zanga pano amathira mchere ngati akuumitsa chikopa.

Mwezi usanathe mpope unasowanso, ati akuba. Kuseri kwa dambo utsi ukufuka, ndipo mbuzi yanga ija yaswa mapasa pakhomo pa Nabanda.

Komabe ankafuna ziwiri, ine ndinapereka imodzi. Inuyo mukuona kuti anapambana ndani?