Ba Moven ndi Khola Losasesa

Ku komboni ya George kuno aliyense ankadziwa kuti Ba Moven sasesa khola la nkhuku. Sikuti ankaiwala ayi. Ankakana dala, monyadira, ngati munthu amene wangosiya mowa. Ine ndine Philomena. Ndinakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi chimodzi, pakati pathu pali mpanda wa malata basi, ndipo zaka zonsezo tinkakangana za tsache.

Mundimvetse. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga zaka makumi awiri, ndikaona fumbi thupi limandiyabwa. Ndiye Mulungu, pofuna kundiyesa, anandipatsa mnansi amene m'khola mwake munali utuchi wofika pafupifupi m'mawondo, wosakanikirana ndi zitosi za miyezi yosawerengeka.

M'mawa uliwonse ankalowa m'kholamo, kugwada, kutapa utuchi kudzanja, n'kuufikitsa pamphuno atatsinzina ngati akulandira mgonero. Kenako mawu pampanda:

"Ba Philomena! Bwelani mununkhize! Lelo vili monga dothi ya kumunzi!"

"Awe, nunkhizani mweka. Mphuno yanga niisungila vinthu vabwino."

"Muzabwela chabe."

"Nikabwela nizabwela na chipyango," ndinkatero, kutanthauza tsache.

Nzeru yawo inali imodzi. Fungo likayamba kubaya m'mphuno, onjezera utuchi. Pakanyowa pafupi ndi chomwera madzi, onjezera utuchi. Ndikhulupirira ukanawauza kuti mutu ukukupweteka akanakuyankha chimodzimodzi. Utuchiwo ankakautenga pa wilibala kwa Chilufya, kalipentala wa ku Lilanda, ndipo pobwera ankaoneka ngati agwera m'thumba la ufa.

Kutembenuza utuchi, imeneyo inali ntchito ya nkhuku. Ankamwaza chimanga chodzaza dzanja pamwamba, nkhuku n'kuyamba kupalasa ngati zataya kanthu, iwo atakhala pa chigubu miyendo atapingasa.

"Mwaona banchito banga? Sibapempha ofu, sibachita sitalaka."

"Uyu ni ulesi chabe, Ba Moven."

"Ulesi uli na pulani ni nzelu, mayo."

Chaka china mvula inaboola denga la khola. Bambo aja anakwera pamwamba, kuzula lata la kuchipinda chawo chogona, n'kukalikhoma pa nkhuku. Milungu itatu ankagona atafunda pulasitiki. Ndinawakalipira ngati mwana.

"Manje mukadwala, nkhuku ndiye zizakupelekani ku kiliniki?"

"Ine nikanyowa nimauma. Utuchi ukanyowa, wafa."

Utuchi wa m'kholamo ankauchotsa kamodzi kokha pachaka, mwezi wa Ogasiti. Pofika nthawiyo zonse zinkakhala zitasanduka manyowa akuda, ofewa. Ankasiyako ochepa pansi, amene ankati ndi mbewu, enawo n'kuwalonga m'matumba. Ine potuluka ndinkangopeza matumba atatu pakhomo panga, popanda mawu. Repu wa kuseri kwa nyumba yanga ankakula masamba oti mwana n'kubisalamo dzuwa. Azimayi akandifunsa kumpopi, ndinkati ndili ndi dzanja labwino. Zikomo sindinanenepo, n'kamodzi komwe. Iwo anali ataika mkazi m'manda, ine ndinali nditaika mwamuna, ana onse ali kutali, ndipo mkangano wa m'mawa uja ndiwo unali moni wathu.

Anamwalira mwezi wa Juni chaka chatha, chifuwa cha masiku anayi okha.

Mukudziwa mwambo wathu. Pamaliro azimayi timasesa pabwalo ponse abale a kutali asanafike, kuti asanene kuti malemu ankakhala ngati wosowa anansi. Anzanga anagwira pabwalo. Ine maso anali pa khola. Ndinamanga nsalu pamphuno, ndinatenga fosholo, ndinachotsa zonse mpaka mbewu yomwe, n'kukataya kudzala. Kenako ndinakolopa simenti ya pansi ndi madzi ndi sopo mpaka kuwala. Ndinkalira ndikukolopa, ndipo mumtima ndinkati ndikuwachotsera manyazi.

Titabwerako kumanda, mwana wawo Given, amene amakhala ku Chipata, anandiitanira pambali.

"Ba anti, badadi banakamba ati nkhuku ni zanu, na khola yonse. Ati musapyange. Vili mukati ni va repu yanu, kwasala chabe myezi ibili vipye."

Anasuzumira m'kholamo n'kuona simenti yoyera. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

M'menemo munali thadzi la anapiye asanu ndi anayi. Ine sindinkadziwa kuti utuchi wakale uja umafunda wokha pansi, ndiye unali bulangeti lawo. Pa simenti yonyowa, m'chisanu cha Juni, anayi anafa m'masiku awiri. Pofika tsiku lachitatu khola langa loyera lija linkanunkha moti wodutsa pamsewu ankalavula. Chokhacho chimene bambo aja anandisiyira chinali kuthera m'manja mwanga, ndipo wochipha ndinali ine ndi ukhondo wanga.

Ndinatenga wilibala yawo, ulendo wa ku Lilanda. Chilufya anaizindikira wilibalayo ndisanalankhule. Anaika pansi chopalira matabwa n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndimwe ba mayo ba chipyango?"

"Nindani anakuuzani?"

"Banali kukamba pali imwe lyonse. Ati siku ina muzabwela, nikakupaseni wouma bwino."

Ndinadzaza wilibala ndi utuchi wouma. Ndinabwerera nditayera mbuu, wilibala ikulira njira yonse.

Anapiye asanu aja anapulumuka, pano ndi nkhuku zazikulu zoikira. Given asanapite anasuntha malata a mpanda kuti khola likhale mbali yanga. Nyumba ija muli achinyamata a lendi, amachoka kusanache bwino, ndipo dzina langa salidziwa. Sindiwada, kungoti m'mawa wa kuno watalika. Ndimamwaza chimanga, ndimakhala pa chigubu chija, ndimaonerera antchito. Tsache limathera pakhomo la khola. Palibe wondiitana kuti ndibwere, palibe woti ndimukane, ndipo ndinene zoona, ndimawasowa koopsa.

Sabata yatha, nditaona kuti palibe akundiona, ndinalowa n'kugwada. Mawondo anadandaula. Ndinatapa utuchi kudzanja, unali wofunda, ndipo ndinaufikitsa pamphuno koyamba m'moyo wanga.

Linali dothi la kwathu ku Katete, mvula yoyamba itangogwa.

"Ba Moven!" Mawu anatuluka okha. "Bwelani mu..."

Kuseri kwa mpanda, pachitseko panali loko. Nkhuku zinangopitiriza kupalasa. Ndinakhala chigwadire, utuchi uli m'manja. Bambo aja ankanena zoona zaka zonse zija, ndipo ndinalibe womuuza.