Apongozi pa Khoma la Chigayo

Lolemba

Ntchito yapezeka! Khoma la chigayo cha a Chimphepo, pasiteji ya maminibasi pano pa Nathenje. Amuna akukodzapo ngati analipatsidwa. Amayi ogulitsa matimati pafupi ndi khomalo, kuphatikizapo mayi a Tadala, akazi anga, atopa nalo fungo. Akuti ndijambulepo chithunzi chokongola, anthu achite manyazi. Ine ndimalemba zikwangwani za magolosale, koma dzanja ndi lomweli.

Zojambula: mayi atasenza dengu la chimanga, ng'ombe, phiri la Nkhoma kumbuyo.
Zomwe ndili nazo: penti wobiriwira, wachikasu, wakuda pang'ono, bulashi ziwiri, makwerero obwereka.

Mphuno ndamanga ndi mpango.

Lachiwiri

Nkhope yatha. Yokongola! Mayi a Tadala aima, ayang'ana, agwira pakamwa.

“Bambo a Tadala, awatu ndi amayi.”

Amayi awo. Apongozi anga a Nachisale, a ku Mitundu. Akuti mpata wa m'manowo ndi womwewo, diso lakumanzere lokayikira munthulo ndi lomwelo. Ine chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso. Ndimadziwa mapazi awo okha. Nanga dzanjali linawaona kuti?

Lachitatu

Palibe wakodzapo. Ngakhale mmodzi! Wina wafika mothamanga, wakweza maso, wati “Pepani mayi,” wabwerera.

Vuto: inenso sindingathe kuliyang'ana khomalo. Mkamwini angayang'anitsitse apongozi tsiku lonse, atakwera makwerero pamwamba pa mutu wawo? Ng'ombe ndikuijambula nditatembenukira kumsewu, dzanja lokha kumbuyo. Odutsa akuti ndi nkhumba. Ena akuti ndi njinga.

Akamwini anzanga awiri, wakabaza ndi wogulitsa nyama, akuzungulira njira yakumanda popita kumsika. Wakabazayo sanandipatse moni.

Lachinayi

Chithunzi chafika ku Mitundu pafoni. Masana, apongozi eniake atulukira pa njinga yamoto. Ndabisala kuseri kwa matumba a gaga. Uthenga ukudutsa mwa mayi a Tadala:

chitenjecho ndi cha kumunda, akufuna chovala cha kutchalitchi;
khosi lawo si lalitali choncho;
nsapato zili kuti;
n'chifukwa chiyani ndawaimika ndi nkhumba?

Kupatula apo, akuti chimanga cha m'dengumo n'chochepa, anthu aziti iwo salima.

Lachisanu

Amuna okodza aja asamukira kukhoma la telala. Telala wabwera ndi sizasi m'manja. Akamwini anzanga atumiza mawu: “Tichotsereni amayi pamsewu.” A Chimphepo akuti ndisinthe nkhope basi, nkhani ithe.

Nzeru: ndevu. Chipewa. Jekete pamwamba pa chitenje. Ndapaka nditatsinzina. Tsopano ndi bambo wachilendo, mlimi wosadziwika ndi aliyense. Ndatsegula maso, ndamuyang'ana momasuka. Mtendere!

Loweruka

Mayo ine!

Apongozi afika pakhomapo m'mawa, aponya chikwama pansi, alira. Akuti ndi malemu amuna awo. Ndevu zake, chipewa chake, ngakhale kupendekeka kwa phewa. Bambowo anamwalira ine ndisanalowe m'banjamo, ndipo sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse.

Ayala mkeka. Akuwafotokozera zonse: denga lomwe likudontha, fodya wa chaka chatha, mwana wawo yemwe anakwatiwa ndi wolemba zikwangwani. Amayi a matimati akulira nawo. Chigayo chazimitsidwa, akuti phokoso pamaliro ayi. Minibasi ina yaima, anthu atsika kudzapepesa.

Ndabwera ndi ndowa ya njereza kuti ndifute. Mayi a Tadala andigwira mkono.

“Mukufuna muwaphe kachiwiri bambo anga?”

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Phiri la Nkhoma silinajambulidwe, penti watha.

Apongozi akuti ku Mitundu n'kutali ndi amuna awo. Katundu wafika pangolo: matumba atatu, mtondo, nkhuku zisanu ndi ziwiri, bedi. Alowa m'chipinda chomwe ndimasungira mapenti. Pakhonde ndi pawo. Mpando wanga ndi wawo.

Mkamwini sadya pamaso pa apongozi, ndiye ndikudyera kuseri kwa nyumba, pa njerwa, nkhuku zawo zikundiyang'ana.

Mayi a Tadala abwera ndi madzi osamba m'manja, nkhope ili mwee.

“Amayi akuti muli ndi luso. Akufunsa ngati mungajambulenso malemu achimwene awo, kuti bambo asamasungulumwe.”