A Sichida ndi Botolo Lawo

Mumsewu wathu munalibe munthu amene a Sichida sanamuthirepo tiyi. Anali telala, koma kale ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, komwe anaphunzira kusakaniza mankhwala oletsa nsalu kugwira litsiro. Atapuma ntchito anabwera nalo lusolo kunyumba, ndipo ife tinaona zosaona.

Ukapita kukatenga malaya amene akusokera, ankati uvale pompo, kenako n'kukukhuthulira kapu yonse pachifuwa.

"Mayo, ndapsa ine!"

"Kupsako n'kwako. Taona malayawo, ada?"

Kuda ayi ndithu. Tiyi ankangoyenderera mpaka pansi.

M'mankhwala awowo ananyikamo makatani, mayunifolomu, nsalu za patebulo. Tsiku lina ananyika matewera a mdzukulu wawo, ndipo zimene zinagwera abusa atanyamula khandalo sindinena pano.

Chotidetsa nkhawa chinali chakuti mankhwalawo, amene ankasunga m'chibotolo, ankasakaniza ndi manjamanja, m'kachipinda kotseka mawindo, ati mphepo imaba mphamvu ya mankhwala. Zala zinang'ambikang'ambika. Kenako kunabwera chifuwa chosamva mankhwala.

"Bambo, chitayeni chibotolocho, chikuphani," akazi awo ankadandaula.

"Mayi, manja anuwo ndi osalala chifukwa cha yani? Munachapapo mpaka thukuta inu?"

Makani amenewa ankandipsetsa mtima. Dokotala atawauza kuti mapapo awonongeka, iwo maso anali pajasi la dokotalayo.

"Adokotala, banga ili ndi la inki? Vulani, mawa mudzalitenge."

Anamwalira m'nyengo yozizira, atauma ngati nkhuni.

Maliro atatha, mayi aja anafuna kuvala zakuda. Anagula utoto, n'kuwiritsa madzi m'chidebe, n'kuponyamo diresi. Inatuluka ndi maluwa ake achikasu ngati yangochoka kusitolo. Anaponyamo ina, kenako ina. Utoto unakana. Bamboyo anali atanyika chovala chilichonse cha mkazi wake, mpaka mipango ya kumutu.

Masiku ano msewu wathu wazizira. Makina osokera sakumvekanso, ndipo ana akudetsa zovala popanda wowakalipira. Mayiwo amapita kumsika atavala maluwa okhaokha, ndipo osadziwa amanong'ona kuti namfedwa ameneyu waiwala msanga.

Dzulo ndinawapeza atakhala pakhonde, akusisita diresi pabondo.

"Mayi, tikuguleni ina yakuda?"

Anapukusa mutu.

"Mapapo ake athera mumadiresi amenewa, mwanangu. Ndivalenso chiyani?"