Ng'ombe ya Mwinidziko ndi Khomo la Masamu Ozama

M'dziko la Chikomekome, limene linkalamulidwa ndi Wolemekezeka Mwinidziko Nditamandeni, munali mwambo wokoma m'maso. Chaka chimene ophunzira onse a pasukulu ya ukachenjede akhoza mayeso, Mwinidziko ankapereka ng'ombe kwa mkulu wa sukuluyo, koma akalephera mmodzi yekha, ng'ombeyo inkabwerera kukhola. Tsono mkuluyo, a Phwandolanga, anali munthu wokonda chiwindi.

Pasukulupo panali makomo awiri: la masamu opepuka, kumene ngakhale wowodzera m'kalasi ankakhoza, ndi la masamu ozama oyezera milatho, kumene ambiri ankayamba agwa kaye. Tiyesenawo, mwana wamkazi wa mmisiri wokonza njinga, ankalakalaka khomo lachiwirilo, moti akagwira samu yovuta ankaiwala ndi kudya komwe.

"Mwana wanga," anatero a Phwandolanga atamuitanitsa, "papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Masamu ozamawo agwetsa amuna a ndevu zawo. Ukalephera udzanyazitsa makolo ako, sukulu ino ndi Mwinidziko amene."

"Bambo, kugwa sindikuopa," anayankha mtsikanayo atagwada. "Ndikagwa ndidzabwereza. Ndiloleni ndiyeseko."

"Wobwereza ndiwe, koma ng'ombe sibwereza."

Anzake nawonso anamuzinga, amvekere nsomba ikawola imodzi zonse zawola, usatidyetse masamba pa tsiku la nyama. Tiyesenawo analira, kenako analowa khomo lopepuka. Chaka chimenecho onse anakhoza, ng'oma zinalira, ng'ombe inaphedwa, ndipo iye anangomeza nthuli yake.

Patapita zaka, mlatho wa pamtsinje wa Sasamala unakokoloka. Mwinidziko anaitanitsa katswiri wakunja, mayi wa msinkhu wa Tiyesenawo yemwe, ndipo Tiyesenawo, poti anakhoza bwino kusukulu, anapatsidwa ntchito yomugwirira ambulera. Ankasuzumira masamu amene mlendoyo ankalemba, osatolapo kanthu.

Pa tsiku lotsegulira mlatho watsopano, Mwinidziko anaimirira, a Phwandolanga ali pambali pawo, mimba ili patsogolo.

"Anthu anga, ndani analodza dziko lino? Ng'ombe ndakhala ndikupereka chaka ndi chaka, koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe wodziwa kuyeza mlatho. Ana a masiku ano ulesi wawapha!"

Khamu lonse linawomba m'manja. Tiyesenawo yekha sanawombe nawo, poti manja ake anali atagwira ambulera.